Tsiku Limene Ndinapukuta Ndevu za Asewere

Nkhani iyi mwana wanga Tadala anandipempha kuti ndisamaikambe, ndipo ndamumvera kwa nthawi ndithu. Koma manyazi ali ngati ufa wonyowa. Ukautsekera m'thumba umangoipiraipira, bola kuuyanika poyera.

Ine ndine munthu wosalankhulalankhula. Ndinagwira ntchito ku Capital Hill mpaka kupuma, ndipo zaka zonsezo palibe amene anandimvapo ndikukweza mawu. Choncho anthu ondidziwa akamva kuti ndinagwira chibwano cha mwamuna wa mwini dzuwa likuswa mtengo, mkazi wake ali pomwepo, amayamba akana kaye.

Ndiyambe ndi malemu amuna anga, bambo a Tadala. Anali ndi ndevu za pamlomo, zija zimamera pansi pa mphuno n'kugwera mbali zonse ziwiri. Chibwano ankameta m'mawa uliwonse, koma pamenepo lezala silinkafikapo. Ine ndinadana nazo kuyambira tili pachibwenzi. Ndinazipatsa dzina loti chiyabwe, chifukwa zinkaoneka ngati chiyabwe chagona pansi pa mphuno, ndipo zinkayabwadi. Ndinawagulira malezala. Ndinawaonetsa zithunzi za amuna ometa bwino m'manyuzipepala. Ndinakadandaula ngakhale kwa ankhoswe, amene anaseka mpaka kupukuta misozi, pakuti nawonso anali nazo. Amuna angawo ankangoyankha kuti nyumba yopanda khonde si nyumba.

Vuto lalikulu linali thobwa. Ankalikonda kwambiri, ndipo akamwa, chiyabwe chinkamwanso. Timasese tinkatsalira m'ndevumo, iwo osadziwa, n'kumapitiriza kufotokozera alendo za ndale. Ndiye ndinazolowera kuyenda ndi kampango m'chikwama. Dzanja lamanzere linkagwira chibwano, lamanja n'kupukuta, pakamwa pakutuluka mawu omwewo: "Taimani, bambo. Chiyabwe chamwanso." Ndinkachita zimenezi osaganiza, monga mmene munthu amaingitsira ntchentche, kaya kunyumba, kaya kumaukwati, ngakhale paphwando la ku ofesi kwawo pamaso pa mabwana.

Atadwala komaliza, anamwino anazimeta kuti chipangizo chothandiza kupuma chigwire bwino pankhope. Ndinalowa m'chipinda m'mawa n'kupeza pabedi pagona munthu wa mlomo wautali, wosalala, amene ndinali ndisanamuonepo. Anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Mwapambana, mayi." M'chipatalamo sanatulukemo. Za zimenezo ndilekera pomwepa.

Patapita chaka ndi miyezi, Tadala anapeza mbeta, Thoko, mtsikana wa ku Area 10. Ankhoswe anagwira ntchito yawo, tsiku la chinkhoswe linaikidwa, holo inapezeka ku City Centre. Kunatsala kuti makolo tidziwane. Tili m'galimoto, Tadala anandichenjeza kuti amake Thoko ndi munthu wosamala kwambiri za ulemu, ndipo ukwatiwu anauvomera mochita kukokedwa. Ndinamuuza kuti asade nkhawa. Munthu wosalankhula ngati ine ndikanalakwitsa chiyani?

Unali mwezi wa Okutobala. Majakaranda anali atayoyola maluwa m'misewu yonse ya Area 10, ndipo kutentha kwake kunali kuja kumachititsa munthu kulota ali maso. Anatikhazika pakhonde. Amake Thoko anali mayi wamtali, wa magalasi, wolankhula mawu ochita kusankha. Kenako bambo a Thoko anatulukira pakhomo, ndipo ine ndinaiwala moni.

Munthuyo sankafanana ndi amuna anga ngakhale pang'ono. Anali wamfupi, wadazi, woseka mokweza. Koma pansi pa mphuno panali chiyabwe chomwe chija, kagwedwe kake komweko, imvi zake mbali yakumanzere momwemo, ngati chinangochoka kwathu ku Area 3 n'kukapeza lendi ku Area 10.

Thoko anabweretsa thobwa m'jagi. Anthu anayamba kukamba za komiti, za ophika, za amene adzajambule zithunzi. Mawu awo ankanka natalikira. Mumtengo munali njiwa imene inkalira mosalekeza, ndipo kamphepo kankabweretsa fungo la chimera. Pang'ono ndi pang'ono khondelo linasanduka lathu. Linali Loweruka masana, wailesi ikulira chapansipansi m'nyumba, amuna anga akufotokozera mlendo chimene chinalakwika ndi dziko lino. Ndinaona kapu ikukwera. Ndinaiona ikutsika. Ndinaona timasese.

Zoti ndinaimirira sindizikumbukira. Ndimangokumbukira kufunda kwa chibwano m'dzanja langa lamanzere, ndi mawu anga, odekha, a m'nyumba.

"Taimani, bambo. Chiyabwe chamwanso."

Ndinapukuta bwinobwino, mbali iyi ndi iyo, ndipo pomaliza ndinazisalaza ndi chala chachikulu monga ndinkachitira nthawi zonse.

Njiwa ija inasiya kulira. Tadala anali atatsinzina ngati akupemphera. Thoko ankayang'ana m'jagi. Amake Thoko anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Asewere," anatero, "kodi pali chimene chavuta pankhope ya amuna anga?"

Yankho loona linalipo, ndipo linali lalifupi. Koma kuti ndilinene ndinayenera kutchula amuna anga, ndipo ndinadziwa kuti ndikawatchula ndilira pakhonde la eni, pa tsiku la chisangalalo cha mwana wanga. Ine sindilira pagulu. Ndiye ndinafufuza mawu ena aulemu, ndipo amene anatuluka ndi awa:

"Ayi, palibe. Kungoti ndevuzi n'zokongola kwambiri. Zimafunika kusamalidwa."

Ine, amene ndinamenyana ndi ndevu moyo wanga wonse wa m'banja.

Bambo a Thoko nkhope yawo inawala. Anatembenukira kwa akazi awo, chala chikusisita pamene ndinasalaza paja.

"Mwamva, amake Thoko? Anthu ophunzira amadziwa zinthu!"

Ndinadziwa pambuyo pake kuti nkhondo ya ndevu inaliponso m'nyumba imeneyo kuyambira kalekale, ndipo ine ndinali msilikali woyamba kulowa mbali ya bambo.

Tinatsanzika msanga, kampango ndinakaiwala patebulo. Tadala, amene anakula akumva mawu aja, sanafunikire kuuzidwa chimene chinachitika. Anapempha kuti akafotokoze ndiye. Ndinamuletsa, ndinati chisoni changa si ndiwo yoti igawidwe kwa aneba. Iye anakafotokozabe, kudzera mwa Thoko. Amake Thoko anayankha kuti mwana aliyense amaikira kumbuyo mayi ake, ndipo ngati nkhaniyo ndi yoona, mwini wake abwere adzanene yekha, poti pakamwa ali napo, onse anamumva.

Nkhani za ku Area 10 zinkandipeza kudzera mwa ana. Bambo a Thoko anagula kachipeso. Anayamba kuchedwa pagalasi, kudzoza ndevu mafuta, ndipo pa chakudya chilichonse ankakumbutsa banja lonse kuti zimafunika kusamalidwa. Amake Thoko analamula kuti zokonzekera chinkhoswe ziyambe zaima kaye. Anafunsa mwana wawo kuti mkazi wamasiye amene amasamala ndevu za amuna a eni pa tsiku loyamba, pa tsiku lachiwiri adzasamala chiyani.

Ndinaganiza zopepesa mwa njira imene ndimaidziwa, yopanda mawu. Ndinapita ku Old Town kukagulira amake Thoko chitenje.

Pali sitolo ina ya amwenye kumeneko imene ndakhala ndikugulako nsalu kuyambira Tadala ali pa yunifolomu. Mayi wa m'sitolomo amandidziwa nkhope, koma za kwathu sadziwa. Amuna awo amakhala pakauntala, ndi ndevu zoyera zofika pachifuwa. Akunditambasulira zitenje, ndinawafunsa chapansipansi ngati ndevu zimenezo siziwasowetsa mtendere.

"Ine ndinakwatiwa ndi ndevu, mayi," anatero. "Munthu wa m'katimo sindinamuonepo. Tsiku limene adzamete ndidzaitana apolisi."

Ndinali ndikumwetulirabe pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Asewere!"

Anali bambo a Thoko, akuchokera kometetsa. Ndevu zinali zitadulidwa bwino, zikunyezimira, nsonga zake zitapotoledwa pang'ono. Anati anandiona ndikulowa, ndipo sakanadutsa osamva maganizo a katswiri. Anaima pakhomo pamene panali kuwala, n'kutembenuza nkhope uku ndi uku. Ine, chifukwa cha ulemu, ndinayang'ana. Mafuta ake anali ndi fungo lomwe lija la m'bafa mwathu, ndipo kwa kanthawi phokoso la maminibasi panja linamveka ngati likuchokera kutsidya kwa mtsinje. Ndinagwira chikwama ndi manja onse awiri, mwamphamvu.

Kenako anapisa m'thumba la pachifuwa n'kutulutsa kampango kanga, kochapa, kosita, kopinda bwino. Anati anakasita okha, ndipo akhala akuyenda nako kudikira tsiku loti tikumane. Anandipatsa ndi manja awiri.

Mayi wa m'sitolo uja, amene ankaonerera zonsezi mokondwa, analowererapo.

"Bwana, musangowapatsa madamu kampango. Agulireni ndi chitenjechi, mwaona mmene chikuwakhalira."

Pamenepo m'sitolo munada pang'ono, chifukwa pakhomo panaima munthu wamtali. Amake Thoko anali atatopa kudikira m'galimoto. Anayang'ana kampango, anayang'ana ndevu, anayang'ana chitenje chimene chinali paphewa langa.

"Chitenje chokongola, asewere," anatero. "Nachonso chimafunika kusamalidwa."

Anatembenuka n'kumapita, amuna awo akuthamangira pambuyo. Chitenjecho ndinagulabe, poti ndinachita manyazi kuchibweza.

Madzulo ake Tadala anabwera kunyumba n'kukhala pampando wa bambo ake. Anandiuza kuti Thoko wakhala akulira, ndipo amake aimbira foni ankhoswe kuti akumane mlungu womwewo. Sanandidzudzule. Anaseweretsa makiyi a galimoto, kenako anati, "Amayi, mtsikana ameneyu ndimamukonda."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka ku City Centre, n'kuyenda wapansi kulowa mu Area 10, ndikuponda maluwa a jakaranda ndi kubwereza mumtima mawu amene ndikanene. Anali ochepa. Ndinali nditawakonza bwino ngati kalata ya ku ofesi.

Ndinawapeza pakhonde pomwe paja. Bambo a Thoko anali pampando, thaulo lili m'khosi, nkhope ili ngati ya mbuzi imene yamva kuti Khirisimasi yayandikira. Pambali panali beseni la madzi ndi sopo. Amake Thoko anali ndi sizasi m'manja, lezala lili patebulo.

"Khalani, asewere. Mwafika nthawi yabwino. Mutsanzikane nazo."

Ndinakhala. Ndipo monga munthu woleredwa bwino, sindikanayamba nkhani yaikulu popanda moni. Ndinafunsa mmene adzukira. Anati adzuka, sizasi ikulira. Ndinafunsa za Thoko. Ndinadandaula za kutentha, n'kufunsa ngati madzi akutuluka kumpopi kwawoko, poti kwathu anali atasiya. Anati akutuluka, n'kuyamba kupaka sopo. Ndinati pali kanthu kamene ndabwerera. Anati akumva, n'kutenga lezala. Ndinayamba kufotokoza mmene Tadala analili wofatsa kuyambira ali mwana, mmene ankakhozera masamu, mmene sanandiyankhepo mwamwano. Bambo a Thoko ankandiyang'ana ndi diso limodzi, diso lopempha kuti ndifulumire.

Mmene ndinkafika pa mawu enieniwo, ndevu za mbali yakumanja zinali zitapita.

"Amuna anga anali nazo ngati zimenezi," ndinatero. "Ndinadana nazo zaka zonse. Anawameta kuchipatala, ndipo ndinawaika m'manda ndi nkhope imene sindinkaidziwa. Tsiku lija sindinaone amuna anu, asewere. Ndinaona anga."

Chimene ndinkachiopa chija chinafika. Ndinalira pakhonde la eni, kulira kosakongola, kwa munthu amene sanakuyeserere.

Amake Thoko anaika lezala m'beseni. Anakoka thaulo lija m'khosi mwa amuna awo n'kundipatsa, kenako anakhala pafupi nane, dzanja lawo lili pamsana panga. Ndinabisa nkhope m'thaulomo mpaka mtima unatsika. Nditadzutsa mutu, anandiyang'ana, ndipo milomo yawo inayamba kunjenjemera. Tsitsi lonse limene anadula linali m'thaulomo, ndipo tsopano linali litamatirira pankhope yanga yonyowa, lambiri pansi pa mphuno. Kwa kanthawi kochepa, chiyabwe chinasamukira kwa ine.

"Nanga ine?" anafunsa bambo a Thoko.

Tonse awiri tinatembenuka. Anali atakhala mowongoka, mbali imodzi ndevu zodzoza bwino, mbali ina mbee, sopo akuyenderera kuchibwano. Amake Thoko ndi amene anayamba kuseka. Ine ndinatsatira, ndipo kunali kuseka kwanga koyamba kwenikweni chichokereni kumanda. Tinaseka titagwirana, mpaka mlonda anasuzumira kuchokera kugeti.

"Mwandipweteka, asewere," anatero amake Thoko akupukuta magalasi. "Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna chifukwa chabwino chozimetera. Lero ndachipeza, inu mwabwera kudzandilanda."

Koma theka la ndevu munthu sangapite nalo kutchalitchi. Bambo a Thoko anapempha, ndi mawu a munthu wogonja, kuti angomaliza. Akazi awo anatenganso lezala, koma tsopano dzanja linkayenda pang'onopang'ono. Atamaliza anawatsuka, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone bwino chimene anachilakalaka kuyambira ali mtsikana.

Mlomo unali wautali, wotuwa, wamanyazi, ngati malo amene pachotsedwa kabati imene inakhalapo zaka zambiri. Anauyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa chimene ankaona, chifukwa ine ndinachionapo.

"Ayi," anatero chapansipansi. "Uyu sindikumudziwa."

Tsiku lomwelo anaimbiranso ankhoswe. Anawauza kuti ukwati ulipo, palibe chavuta, banja la mnyamatayo ndi labwino. Koma anati mwana wawo sangaperekedwe ndi mlendo, ndipo pa zithunzi zimene zidzakhale pakhoma moyo wonse sipangakhale munthu amene iwo sakumudziwa. Chinkhoswe chinasunthidwa kudikira kuti ndevu zimere.

Mpaka lero Tadala amauza anthu kuti panali vuto la holo. Koma ife a m'banja tikudziwa chimene tinkadikira. Thoko ankatipatsa malipoti ngati a kumunda: zamera, zayamba kuphukira, kumanzere zikuchedwa, zafika popalira. Amake ndi amene ankagula mafuta. Ankhoswe a mbali yathu, amalume ake a Tadala, anati pa maukwati onse amene anayendetsapo, aka kanali koyamba kudikira mbewu yotere.

Tsiku litafika, ine anandikhazika kumapeto kwa tebulo, pakati pa ine ndi bambo a Thoko ataikapo abusa ndi akazi awo. Sindinadandaule. Amake Thoko anali atavala chitenje chija, chimene ndinadzawapatsa titagwirizana. Ana athu ankaoneka bwino kwambiri, ndipo ndinaganiza za munthu amene akanakhala pambali panga, akufotokozera abusa za ndale.

Kenako anayamba kugawa thobwa. Ndinaona kapu ikukwera. Ndinaiona ikutsika. Ndinaona timasese. Mwakachetechete ndinalowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu n'kuwakhalira.

Amake Thoko anatsegula chikwama chawo. Anatulutsa kampango katsopano, anagwira chibwano cha amuna awo ndi dzanja lamanzere, n'kupukuta mbali iyi ndi iyo, pamaso pa holo yonse. Atamaliza anasuzumira kudutsa abusa.

"Asewere, ndakhoza?"

Ndinayang'anitsitsa, manja ndikuwakhalirabe.

"Mwasiya pang'ono kumanzere," ndinatero.

Uthenga wa maliro umafika m'makutu ndi mumtima, koma manja sauzidwa, choncho mukapita kwa eni muziwakhalira.